Tiyi Azizire

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti mwendo uja unaleka kutupa. Kuno tilipo, kupatula mpope wa kubafa umene mwini nyumba akulonjezabe kukonza.

Munamva kale kuti mwana wathu, chisamba chanu, wasankhidwa kulowa m'bodi ya kampani imene ine ndinakalambirako. Pa tebulo limenelo mkazi adzakhala yekha. Msonkhano wake woyamba uliko sabata yamawa. Dzulo anandiuza kuti munamulangiza pa foni kuti tiyi akafika adzuke msanga, athirire abambowo, aone kuti analeredwa. Chimene ndalembera kalatayi ndi chimenechi.

Chipindacho ndimachidziwa: tebulo lalitali, mipando yachikopa, ndi kabati pafupi ndi chitseko pamene amaikapo thireyi ya tiyi. Ine ndinkalowamo monga mkulu wa zachuma, kukafotokoza malipoti. Tsiku loyamba thireyi itafika, onse anangoti maso pa ine. Ndinadzuka, monga anatiphunzitsira amayi. Kuyambira pamenepo nkhani zikuluzikulu zinkagamulidwa ine nditapereka msana, ndikutakasa shuga. Mpando wa m'bodi utapezeka, wapampando ananena akuseka kuti akandikweza adzasowa wodziwa kapu yawo. Anaupereka kwa mwamuna amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine. Popuma pa ntchito anandipatsa mphatso ya makapu. Ali m'katoni mpaka lero.

Sindikunyoza maleredwe, achemwali. Alendo akafika pakhomo, mwanayu amawalandira bwino lomwe. Koma m'chipinda chija sanamuitanire zimenezo, ndipo akadzuka kamodzi sadzakhalanso pansi. Ndamuuza, koma akuti sangaphwanye mawu a mayi ake, ndipo kuti ine chikundiyankhulitsa ndi chilonda. Chilondacho sindikana. Komabe wakutsina khutu ndi mnansi.

Pempho langa ndi limodzi: mumuimbire msonkhanowo usanafike, mubweze mawu aja. Mumuuze kuti thireyi ikalowa akhale phee, maso pa mapepala ake. Abambowo manja ali nawo. Akapanda kuwatambasula, tiyi azizire. Sindinamvepo maliro a tiyi wozizira.

Wapampando uja akadalipo. Shuga wake ndimamukumbukirabe bwino lomwe, koma mwanayu sindimuuza.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa adzukulu onse. Ndidikira kumva kuti mwaimba.

Ndine mng'ono wanu,
Uja wa magalasi