Maliro a Osman Pabwalo Panga

Choloma,
Lachinayi, 16 Okutobala

Okondedwa achimwene anga Edgardo,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Muli bwanji ku Girona kumeneko? Msana uja unaleka kuvuta? Nanga alamu anga a Dilcia ndi ana akudzuka bwanji? Ndamva kuti kwayamba kuzizira. Muzivala zokhuthala popita kokamanga nyumbako, unyamata unatha.

Kuno tilipo. Ndikati tili bwino ndinama. Mvula yavuta, msewu wathu ndi matope okhaokha, ndipo malonda anga a mabaleada, zikondamoyo zopaka nyemba zija, ndayamba ndaimika kuyambira Loweruka.

Kalatayi ndalemba pamanja, ndiijambula n'kuitumiza pa foni ya alamu. Ndachita dala. Ndikakuimbirani mumadula ndikangotchula dzina la Wilmer. Chonde werengani mpaka kumapeto, mukwiye mutamaliza.

Mwana wanu ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti mtima ukhale m'malo. Koma Loweruka anamuombera ndi mfuti.

Mukudziwa kuti chichokereni kwanga zaka zitatu zapitazo, Wilmer wakhala akumeta anthu pa kashopu kaja kali kuseri kwa siteji ya mabasi, limodzi ndi Osman. Sindizungulira, achimwene. Osman ndi mwamuna amene Wilmer ankakhala naye, amene ankamukonda, yemwe munati dzina lake lisadzalowe m'khutu mwanu.

Loweruka masana ndinali pa chitofu changa, ndikuphikira atsikana a ku fakitale yosoka zovala. Mfuti inalira kanayi. Atsikanawo anawerama pang'ono, ine n'kupitiriza kupaka nyemba, monga timachitira kuno: bola si pakhomo pako. Kenako mayi wogulitsa malalanje anabwera akuthamanga, nati ndi kometera kuja, kwa mwana wa achimwene anu.

Ndinamupeza Wilmer atakhala pansi pakhomo la shopu, mutu wa Osman uli pamiyendo pake. Tsache linali pambali. Osman ankasesa tsitsi pamene anthu awiri anaima ndi njinga yamoto. Wakumbuyo anaombera, n'kumapita osathamanga n'komwe. Chipolopolo chimodzi chinaboola galasi n'kung'amba mkono wa Wilmer pamwamba pa chigongono, koma iye sanadziwe kuti wavulala. Ankangomuitana mnzakeyo, ngati munthu akudzutsa wina amene wachedwa kuntchito.

Anthu anali atazungulira, koma chapatali, mafoni ali m'mwamba, akujambula. Wina anaseka nati amathanyula atsala ndi mmodzi. Wina anati wokamusambitsa ameneyo avale magolovesi awiriawiri. Ambiri ndimawadziwa. Ena timaimba nawo limodzi Lamlungu.

Apa pali chimene ndiyenera kuulula kwa inu, chifukwa chikundidya.

Kutatsala milungu iwiri kuti izi zichitike, Wilmer anabwera pa malonda anga. Anaima pambali mpaka ogula onse atatha. Anandiuza kuti anthu alemba mawu onyansa pachitseko chawo ndi penti yofiira, ndiponso kuti wina amawaimbira foni n'kumawafunsa ngati anasankha kale maluwa a pamanda. Anapempha kuti iye ndi Osman akhale kwanga masiku ochepa, mpaka apeze kolowera.

Ine ndinamuyankha kuti iye abwere yekha, komanso atalapa. Winayo ayi. Ndinamukulungira mabaleada awiri m'pepala, ndinati ndimupempherera. Anathokoza, achimwene. Anati zikomo azakhali, n'kumapita.

Ndiye Loweruka nditaima pamenepo, ndinaona munthu amene ndinamukaniza pogona ali gone pamsewu.

Osman ameneyu ndinali ndisanamuyankhepo moni ngakhale kamodzi. Ankati akamadutsa pa chitofu changa amakuwa kuti mayi Nohemí, tsitsi lanulo likufunika chipulumutso, bwerani ndilibatize ulere. Atsikana ankaseka, ine n'kumayang'ana kumbali ngati walankhula ndi mphepo.

Ndinavula epuloni yanga n'kumufunditsa kumaso. Ndinagwada m'magazi momwemo. Sindikudziwa kumene mawu anachokera, koma ndinapemphera mokweza, ndikumutchula dzina mobwerezabwereza, kuti aliyense amve kuti munthuyu anali ndi dzina. Mafoni ena anatsika.

Apolisi atafika anamufunsa Wilmer ngati anaona nkhope za anthuwo. Anati ayi. Ndinamuyang'ana n'kudziwa kuti akunama, koma sindinamudzudzule. Kuchipatala anamusoka mkono, ndipo kuchokera kumeneko ndinapita naye kwanga. Analowa m'chipinda chake chakale ngati mlendo, mpaka anapempha chilolezo kuti akhale pabedi.

Lolemba tinakatenga mtembo. Kwawo kwa Osman, kumapiri a ku Santa Bárbara, bambo ake anati mwana ameneyo anamuika kalekale mumtima mwawo, sangamuike kawiri. Anabwera mayi ake okha, a Reina, pa basi, atanyamula malaya oyera osita bwino m'jumbo. Atamuona Wilmer anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, namufunsa ngati wadya. Madzulo ake awiriwo anamuveka Osman malayawo, Wilmer n'kumupesa tsitsi ndi dzanja limodzi lomwe linali bwinolo. Anati Osman sakanamukhululukira akanamulola kupita kwa Mulungu mutu uli nyankhalala.

Ine ndinapita kwa abusa athu, a Adalid, kukapempha kuti mwambo wa maliro uchitikire m'tchalitchi. Ndinkayembekezera kuti anditsegulira mavesi aja tonse timawadziwa. Sanatero. Anatseka chitseko, natsegula kabati, n'kundionetsa chipolopolo chimene wina anaponya m'mbale ya chopereka Lamlungu m'mawa. Anati mpingo wathu uli ndi ana ambiri, ndipo khoma la tchalitchi ndi lamatabwa. Anthuwo akabwera kudzaombera, iwo adzawauza chiyani amayi a anawo?

Sindinawatsutse. Mantha awo anali enieni, inenso ndinali nawo. Ndinangowafunsa ngati wansembe uja analambalala munthu wovulala panjira ya ku Yeriko sankaopanso achifwamba. Komabe tchalitchi sanatipatse.

Choncho ndinati maliro akhala pabwalo panga, bwalo lomwe ndinamukaniza ali moyo.

Lachiwiri m'mawa tinalipo anthu khumi ndi awiri. Mayi Reina, ine, Wilmer, amayi anayi a chigwirizano amene anabwera amuna awo asakudziwa, ndi anzake a Osman asanu, maso ali kumsewu. Mwa amuna onse aja ankadzaza shopu kudzametetsa Loweruka lililonse, sanabwere ndi mmodzi yemwe.

Cha m'ma naini koloko tinamva njinga yamoto. Inadutsa pang'onopang'ono, inakatembenukira pa golosale, n'kudutsanso. Kachitatu inaima pageti, itanyamula anthu awiri. Nyimbo inatifera m'kamwa. Wilmer anandigwira chigongono n'kundinong'oneza kuti ndi omwewo.

Woyendetsayo anavula chisoti. Achimwene, anali Elvin, mwana wa malemu mayi Consuelo a kumunsi kwa mlatho, uja ndinkamuphunzitsa Sande sukulu. Pano ndi bambo wandevu zake. Mfuti inali m'chiuno, sanavutike n'kuibisa komwe.

Ndinadziwa kuti ndikapanda kupita kugetiko, iwo alowa. Ndinathira khofi m'makapu awiri n'kunyamuka.

Elvin anandifunsa kuti mayi wopemphera ngati ine ndinayamba liti kulira agalu. Anati iwo akuyeretsa dera, ntchito imene ife a tchalitchi timangoilankhula pakamwa koma kuichita timaopa. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, chifukwa ena mwa iwo ndinawazindikira. Anali anga.

Ndinamuuza kuti: "Elvin, mwanawe, vesi lako loyamba unaliphunzira kwa ine. Ngati ndinakuphunzitsa kuti Mulungu amafuna magazi a munthu uyu, ndinakunamiza, ndipo mlanduwo ndikayankha ndine. M'bokosimo muli mwana wa mayi awo. Amene ukumuyang'anayo ndi mwana wanga. Ukafuna kulowa, uyambe ndi ine."

Khofi sanalandire. Mnzake uja anaseka, nati agogowa atopa ndi moyo. Elvin sanaseke. Anayang'ana kumbuyo kwanga nthawi yaitali, dzanja lili m'chiuno. Ndiye mmodzi mwa amayi aja anayambanso nyimbo, enawo n'kulowerera mmodzimmodzi. Ine ndinangoima ndi makapu anga, ndikuwerenga mabatani a malaya ake, poti kumaso sindikanatha kumuyang'ana.

Pomaliza anati, chifukwa choti ndine ndinasambitsa mayi ake atamwalira, lero tiike maliro athuwo. Koma Lamlungu likubwerali lisamupeze Wilmer mu Choloma muno. Anavala chisoti, napita.

Nditatembenuka ndinapeza kuti atatu mwa anyamata aja athawira kuseri, kudumpha mpanda. Sindikuwaimba mlandu. Koma galimoto yonyamula maliro inali itakanika kulowa msewu wathu chifukwa cha matope, inaima kumtunda pa tala, ndipo bokosi linafunika kunyamulidwa. Amuna anatsala atatu, mmodzi wa iwo Wilmer wa mkono umodzi.

Tikuti ife amayi tigwire, ndinaona abusa a Adalid akulowa pageti, nsapato zili matope okhaokha. Anali ataima pakona nthawi yonseyo, akuona zonse, kupita kutsogolo akulephera, kubwerera akulepheranso. Anandipatsa Baibulo lawo kuti ndiwagwirire, nagwira ngodya yachinayi ya bokosi.

Tinayenda msewu wonse anthu akusuzumira m'mawindo. Kumanda abusa sanatalikitse. Anati pali zambiri zimene sakuzimvetsa, ndipo sanamizira kuti akuzimvetsa, koma chimodzi akuchidziwa: munthu uyu anaumbidwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo amene anamuombera anaombera chifanizocho. Kenako anagwada pamaso pa mayi Reina n'kupepesa kuti anawatsekera tchalitchi. Akuluampingo awiri atumiza kale uthenga woti sadzapondanso m'tchalitchimo abusawo akadalipo.

Wilmer ndinamukweza basi dzulo m'mawa. Kumene ali sindilemba pano. Mukumbukire kumene tinkathyola khofi tili ana, ndi amene ankatisunga kumeneko. Koma sangakhalitseko. Kanema wa Loweruka uja wazungulira m'mafoni, nkhope yake ikudziwika, ndipo anthuwo akudziwa kuti iye anawaona.

Achimwene, munachoka kuno Wilmer ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinamulera ine. Inu munkatumiza nsapato chaka chilichonse, nthawi zonse zazikulu, iye n'kumaikamo nyuzi kutsogolo kuti azivale msanga, azinyadira kuti zachokera kwa bambo ake. Mutamva za moyo wake munati mulibe mwana wamwamuna. Ine ndinakuvomerezani, ndinamutulutsira chikwama panja ndi manja angawa. Tonse awiri tinamusiya pamtetete, ndipo anthu a mfuti anaona kuti uyu alibe mwini.

Sindikukupemphani kuti mutaye chikhulupiriro chanu. Inenso mafunso ndikadali nawo, ndimawatula kwa Ambuye m'mawa uliwonse. Koma ndinkaganiza kuti pomutsekera mwanayu chitseko ndikuteteza dzina la Mulungu. Loweruka ndinaona kuti Mulungu sanandipemphe kuti ndimuteteze Iye. Amene ankafuna chitetezo anabwera yekha pa chitofu changa, ine n'kumubweza ndi chakudya cha m'pepala.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, mumulembere kalata yomuitanira kumeneko. Pasipoti ali nayo, za ulendo amayi a chigwirizano ayamba kale kuthamanga nazo. Ngati simungathe kukhala naye m'nyumba mwanu, mumupezere poyambira, bola akagone m'dziko limene sadzidzimuka njinga yamoto ikadutsa.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Muimbireni. Nambala yake yatsopano ndawapatsa alamu. Ngati mulibe mawu, mungomufunsa za mkonowo.

Pa siteji dzulo, basi ikulira kale, sanandifunse za ndege kapena za mapepala. Anandifunsa kuti: "Azakhali, akanakhala kuti wafa ndi ine, bambo anga akanabwera kudzagwira bokosi?"

Ndinamuuza kuti inde, akanabwera. Ndinachita kulumbira. Musandisandutse wabodza, achimwene, ndipo musadikire kuti likhale bokosi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Dilcia, ndikuwathokoza chifukwa chovomera kukupatsani kalatayi. Moni kwa ana anu Keyla ndi Itzel, muwauze kuti ali ndi mchimwene wawo, ndipo ali ndi mphuno ngati yawo yomweyo. Mutikumbukire m'mapemphero Lamlungu likubwerali. Abusa ati adzaima paguwa monga mwa masiku onse, inenso ndidzakhala pampando wanga uja wa pafupi ndi khomo. Mumupempherere Wilmer, mayi Reina, ndi Elvin yemwe, ngakhale kuti dzina limenelo likundilemera pakamwa.

Ambuye akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu monse, akufewetseni mtima monga akufewetsera wanga, ngakhale mochedwa.

Ndine mlongo wanu amene akudikira yankho,

Nohemí