Foda ya Dzina Lanu

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno tadzuka, kungoti mtima wanga sunakhale pansi.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene Yohane, anachira kuchipatala cha ku Nzama mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija, moti tonse tinaseka. Kachewere wa kudimba la ku Mlangeni wapsa ndi chiwawu, takumba tochepa tosakwana ndi mbewu yomwe. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yomaliza. Achimwene akuti alikonza, koma paja mumawadziwa.

Tsono zasukulu, Amayi, ndi zomwe zandilembetsa kalatayi. Munkakonda kunena kuti, "Esinta, tsiku lako lovala gauni ndidzaimba nthungululu mpaka aphunzitsi ako atseke makutu." Chatsala kuti tsikulo lifike ndi lipoti la kafukufuku wanga wa zokolola za alimi a kachewere, uja ndinkayendera pa kabaza mudzi ndi mudzi inu mukudwala. Akoleji anandiwonjezera nthawi kawiri, koyamba chifukwa cha maliro anu. Anena kuti kachitatu kulibe. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu, ndipo lero ndi Lachitatu.

Manambala a kafukufukuyo ndimawerengetsera pa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa R. Payokha siichita zambiri, ili ngati mpini wopanda khasu. Imadalira timapulogalamu tina totchedwa mapakeji, timene ndinatsitsa ndili ku Lilongwe komwe netiweki ndi yamphamvu. Timeneti R imatisunga mu foda ya mwini kompyuta. Mwina simunadziwe, koma tsiku limene laputopu ija inandifunsa dzina la mwini wake, ndinalemba lanu, Nagama, poti ndinu munawerama m'dimba kuti igulidwe.

Mwezi wa Juni laputopuyo inangozima. Ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza makompyuta pafupi ndi msika wa pa Boma. Anaidzutsa ndithu, koma ananditsegulira akaunti ina yatsopano, n'kundiikiranso R yatsopano ngati basela. Anachita zimenezi ndi mtima wabwino, akumwetulira. Nditafika kunyumba, R inkangonena kuti mapakeji kulibe. Inkawafuna mu foda ya akaunti yatsopanoyo, yomwe munalibe kanthu.

Masabata awiri ndinkangolira kuti zonse zapita. Kenako ndinakumbukira mmene munkandinyozera ndikasowetsa mpeni: "Iwe umafuna chinthu ndi pakamwa, manja ali m'chiuno." Ndinayamba kutsegula foda imodziimodzi, mpaka ndinaipeza yakale ija, dzina lanu lili pomwepo, mapakeji onse ali phee mkati mwake. Mnzanga Tiyamike wa kukoleji anandiuza pafoni kuti pali lamulo lotchedwa .libPaths, limene munthu amauzira R koyenera kuyang'ana. Ndinalemba njira yonse yopita ku fodayo, ndipo inawaona. Ndinavina ndekha m'chipinda, Amayi, ngati wamisala.

Chimwemwecho sichinafike ndi madzulo omwe. Pakeji yaikulu, imene imayerekeza zokolola za midzi yosiyanasiyana, inakana kutseguka, akuti inapangidwira R yakale. Ndinabwerera kwa bambo uja kuti andibwezere yakaleyo. Anandiyang'ana modabwa, sankadziwa n'komwe kuti munthu angalire chinthu chakale atapatsidwa chatsopano. Ndayesa kutsitsa pakeji yatsopano, koma imafuna inzake, inzakeyo imafunanso ina. Netiweki ya kuno imaduka pakati, ndipo ikapanda kuduka, laputopu imatentha n'kuzima yokha. Dzulo ndakhala ndikusaka netiweki pakhonde la sitolo ina ya pamsewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndabwerako chimanjamanja. Ngakhale zitatheka mawa, masamba otsala a lipoti lija sangalembeke tsiku limodzi. Ndatopa, Amayi, ndipo ndikuchita manyazi. Sindikuona kuti gauni ija ndidzaivala.

Pali chinthu china chimene sindinauze munthu. R ndi yoiwala: ukaitseka, mawa umayenera kuiuzanso koyang'ana. Tiyamike akuti ndingolemba njirayo kamodzi m'kafayilo kamene R imawerenga ikamadzuka, ndisamavutikenso. Ndikudziwa kalembedwe kake, koma sindinachite. Chichokereni inu, kumudzi palibe amene amatchulanso dzina lanu. Onse amangoti malemu, ngakhale achimwene. Ndiye m'mawa uliwonse ndimatsegula laputopu, n'kulemba ndi zala zanga kuti Nagama, ndipo makinawo amapita kumene kuli dzinalo n'kupezako zinthu. Ndi malo okhawo amene ndimakuitanani n'kuyankhidwa.

Lachisanu likadutsa ndikwera minibasi, ndidzabwera kudzalambula pamanda panu. Ndidzakuuzani zoona zake mmene zathera, sindidzakubisirani. Kaya akoleji andifufute m'kaundula wawo, foda yanu sindidzaifufuta.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Esinta