Timawindo tija ndatitseka

Amake Noah,

Pepani, ndachoka muli kuchigayo. Galimoto ya ku ofesi yandisiya, ndiye ku Chiringa ndapita pa njinga yanu.

Koma yandisiyira zomveka, nkhondo ija ndapambana! Timawindo tamalonda tija, totulukira tokha pa laputopu ndi atsikana osavala, ndatitseka. Kunali kungochonga kabokosi kamodzi basi, ine n'kuvutika sabata yathunthu! Ndatsegula intaneti kasanu, palibe yemwe wasuzumira.

Laputopuyo ndayisiya patebulo, yesani nokha. Mukakhutira, chitenje munkayifunditsa chija mubwezere m'sutikesi, ndipo amayi akumpingo muwauze asiye kundipempherera motchula dzina mokweza. Atsikanawo sindinawaitane ine.

Akatulukanso ngakhale mmodzi, mphasa ndikayala ndekha pakhonde n'kugona pomwepo.

Wanu yemwe uja,
Dominic