Chimene ndinachotsa m'galimoto yanu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo, amayi atuluka m'chipatala.

Zimene akufalitsa azakhali a ku Masongola, zoti amayi anakomoka ndi BP, ndi bodza. Udokotalawo anauphunzira kuti? Wolakwa ndine. Ndinadula kabokosi ka mu ekizozi ya galimoto yanu n'kukagulitsa ku Songani. M'kabokosimo mumakhala paladiyamu, chitsulo chodula chimene chimachotsa mu utsi mpweya wakupha uja wa kaboni monokisaidi. Yunivesite sindinamalize, koma pa phunziro la sayansi ndinkawaposa onse anavala magauni aja, ndiye sindinganame kuti sindinkadziwa. Wowotcherera amene analumikizanso ekizoziyo anasiya mpata. Tikukwera phiri la Zomba, mawindo titatseka chifukwa cha chisanu, utsi unadzaza kumbuyo kumene anakhala amayi.

Chonde musawauze, ndiwauza ndekha. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Fatsani

Mpaka lero amayi akundithokozabe kuti ndinathamangira nawo kuchipatala.