Satifiketi ya Anti

14 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Woyamba kundiuza kuti mwana wanu wakhoza ndi telala wa pakhonde pathu, yemweyu akundilembera kalatayi, pakuti inu mukudziwa kuti ine cholembera chimanditerera m'manja. Iye anamva kwa mphunzitsi wina amene anabwera kudzachepetsa siketi. Mwiniwake mwana wanuyo, mphwanga amene ndimakhala naye nyumba imodzi, sanandiuze. Ndiye uthenga ndi umenewo: satifiketi yophunzitsira ana a sukulu ya mkaka ija yatuluka. Koma musathamangire kumuimbira foni ndi nthungululu. Yambani mwamva zonse.

Ine ndili bwino, kupatula bondo lija. Denga likudonthabe pakona pamene munagona chaka chatha.

Paja mukukumbukira kuti eni sukulu analamula kuti mphunzitsi wopanda pepala achoke, ngakhale akhale kuti wapukuta mamina a ana zaka zambiri ngati mwana wanuyu. Ndiye anavutika, achemwali. Akaweruka, ulendo ku koleji. Akabwerako, kudula zilembo pa makatoni, kutsuka zitsekerero za mabotolo zowerengetsera ana. Ine amandikhazika pa kampando kuti ndikhale mwana wa m'kalasi. Ndikayamba kuyankha, iye amvekere, "Malume, mwana wa zaka zinayi sayamba ndi 'kale ife tili anyamata'!" Tinkaseka m'nyumba muno.

Mayeso olemba anakhoza onse. Anatsala amodzi: mayi woyesa wochokera ku koleji adzakhale kumbuyo kwa kalasi m'mawa wonse, aone mmene akuphunzitsira.

Tsono m'kalasi mwake muli kamnyamata kosalankhula. Anzake onse amati "Anti, Anti," iko ayi, kamangogwira nsonga ya diresi yake n'kumamutsata kulikonse, mpaka anthu anakatcha Kamthunzi. Kakagwira diresiyo kamakhala phee. Koma mlendo akalowa, kamakuwa mpaka ana onse kuyamba kulira.

Dzulo lake la mayeso, ahedi anamuitanira mu ofesi. "Anti, mawa ameneyu asaoneke. Akakuwa pamaso pa mlendo inu mwalephera, ndipo ine malo a wolephera ndilibe. Tonsefe tinadzera momwemo. Tsiku la mayeso mwana wovuta amadwala."

Anafika kunyumba osafuna kudya. Amayi ake a Kamthunzi amachapa m'nyumba za anthu, alibe womusiyira, ndipo mphwanga anachita manyazi kuwauza kuti mwana wawo ngwobisa. Apo ndi pamene ine ndinatsegula pakamwa pangapa. Ndinati, "Ubwere naye kuno. Ine ndalera ana angati? Iweyo anakulera ndani?"

M'mawa mayi uja anasiya mwana pa geti ya sukulu monga mwa masiku onse. Mphwanga anamubereka, nadzera naye njira ya kuseri mpaka kuno. Anachotsa tizala take pa diresi kamodzikamodzi, natigwiritsa jekete langa. "Malume, musamusiye. Ameneyu akamachoka sakuwa, amangochoka." Ndinati, "Pita ukakhoze, mayi."

Tinakhala pakhonde, iye atagwira jekete, dzanja linalo akusanja zitsekerero. Kenaka ine ndinalowa m'nyumba kukamwa mankhwala a bondo.

Apa telala waika cholembera pansi. Akuti zimenezo salemba, chifukwa analipo. Chabwino, lembani, bambo.

Sindinalowe m'nyumba. Ndinkamusimbira telalayu za chaka chija mlatho unakokoloka, ine n'kuwoloka nditasenza njinga. Nkhani imeneyo imafuna manja awiri ndi kuimirira. Ndiye ndinavula jekete mwakachetechete, n'kulikoleka pa mpando, kuti mwana azigwirabe. Ndinadziona wochenjera. Pamene ndinkafika tsidya lina la mtsinje, jekete linali pansi, zitsekerero zili pa mzere, mwana palibe.

Ndinadziwa kuti walondola Anti wake. Kusukulu amadziwako njira imodzi yokha, ya kumsewu waukulu imene amadzera ndi amayi ake. Ndinathamanga ndi bondo langali, koma ndinapeza anthu ataunjikana kale, njinga yamoto itagwa, nsapato yake imodzi ili m'ngalande.

Ali moyo, achemwali. Mwendo unathyoka pawiri, mutu anasoka. Madokotala akuti adzayenda, koma motsimphina.

Nthawi imeneyo n'kuti mwana wanu akuimbitsa ana nyimbo ya mitundu ya zinthu. Uthenga unafika kusukulu, koma ahedi anaima pakhomo la kalasi mpaka mayi woyesa atakwera galimoto. Akuti mayiyo pochoka anati sanaonepo kalasi yabata chotere.

Kuchipatala amayi ake a Kamthunzi sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangoti, "Anti, mwana ndinakusiyirani pa geti. Pamsewu anafikapo bwanji?" Mphwanga anagwada pa simenti. Ine ndinali kumbuyo kwake. Mayiyo anauza anamwino kuti Anti asalowe.

Chiyambire tsiku limenelo, mphwanga kuntchito akupita, kuphika akuphika, madzi osamba akunditenthetsera. Sanandifunsepo kanthu. Makatoni aja anasonkhera moto.

Telala atandiuza za satifiketi, ndinadikira madzulo. Mphwanga anafika ndi envulopu yaikulu, naiika pamwamba pa kabati, nati ahedi akufuna aiike m'galasi ikapachikidwe mu ofesi makolo aziiona. Anatinso amayi ake a Kamthunzi atumiza mawu kuti akhoza kubwera, chifukwa mwana akukana kudya, mwina akaona Anti adya.

M'mawa mwake anavala diresi yomwe ija, ine n'kumutsatira. Tinapeza mwana atakhala pabedi, mwendo uli m'chikhakha. Mphwanga anaima pafupi, nagwira nsonga ya diresi, namuyandikizira kudzanja. Mwanayo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anabisa manja onse awiri m'bulangete, natembenukira kukhoma.

Titafika kunyumba anatsitsa envulopu ija, naiika pamiyendo panga.

"Sungani ndinu, malume. Tinakhoza tonse awiri."

Anatenga chikwama chake, napita kuntchito, chifukwa ana ena aja amamudikira pa geti.

Envulopuyo ili pansi pa matiresi anga. Sindidziwa kuwerenga, koma ndikudziwa pamene pali dzina lake.

Achemwali, ngati abwana anu angakuloleni, bwerani. Musagule mphatso, musauze a kutchalitchi kwanu kuti athokoze. Mudzangokhala naye pafupi, pakuti ine ndikakhala naye pafupi amadzuka kukasesa posesa kale.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato zija zinandikwana. Telala akupereka moni. Mwana wanu sindinamuuze kuti ndikulemba, ndiye moni wake mulibe m'kalata muno. Mukamapemphera mutchule Kamthunzi poyamba, kenaka mwana wanu. Ine mukanditchule ngati nthawi yatsala.

Ndine mlongo wanu,
amene munkati pakamwa padzandipweteka.