Tchuthi chonunkha usipa

Loweruka. Tsiku londinyansa.

Chaka chonse ine ndi bambo a Tamanda takhala tikukonza ulendo wa tchuthi: Joni kaye, kenako Durban, ana akaone nyanja yamchere. Ndinawachenjeza anawa kuti asauze munthu. Koma Tamanda, chinamwali chonsecho, dzulo anajambula mapasipoti athu n'kuika pa sitetasi. Lero Mitundu yonse yadziwa.

Chiyambire m'mawa anthu akungobwera ndi timitolo toti tikapatse ana awo ku Joni. Ufa, nsinjiro, nyemba, mpaka mankhwala achikuda. Masana azakhali a bambowa atulukira kuchokera ku Nathenje, ndowa ya usipa ili pamutu. Osafunsa n'komwe, aukhuthulira m'jumbo n'kuukanikiza m'chikwama changa, pamwamba pa zovala. Ati, "Mayi a Tamanda, mukampatse m'manja mwana wanga Yosefe. Ali ku Pretoria, si patali."

Ndinawayang'ana bambowa kuti akane. Iwo, "Musadandaule azakhali, tikafika." Azakhali atangotembenuka, bambowa akundiuza kuti masiku sakwana, Durban tiisiye, tipite ku Pretoria.

Mlongo wake wa Tamanda wakana kudya, wadzitsekera kuchipinda. Tamanda akulira ngati wayambitsa zonsezi si iye. Mawa akuti a kutchalitchi abweranso ndi yawo mitolo.

Diresi limene ndinasoketsa kuti ndikajambulitse nalo kunyanjako ndalichapa kawiri, likununkhabe usipa. Basi, fungo la nyanja ndalimva kale, ndili ku Mitundu konkuno.