Ndinatsanzika Msanga

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Ine ndayamba kuyenda pang'onopang'ono, chogwira khoma.

Opaleshoni ija inatheka. Adokotala anadula mbali ya chiwindi yomwe inali ndi chotupa n'kuitumiza kokapima. Zotsatira zabwera, akuti si khansa. Akutinso chiwindi chimaphukanso chokha, moti ndikhala ndi moyo zaka zambiri. Aliyense akuti ndisangalale, koma ine manyazi andigwira.

Paja ndinali nditatsanzika kale. Makina osokera ndinapatsa alamu anga, nsapato ndinagawira amayi akwaya. Zimenezo zipite, sindingakazilande. Koma m'mawa wa opaleshoniwo, anamwino atandiveka kale chovala chotsegula kumbuyo chija, ndinaitana bambo a ana ndi mwana wanu wamkazi, msuweni wanga amene munamutumiza kudzandidwazika. Ndinatenga dzanja la uyu ndi la uyo n'kuwagwiranitsa pamimba panga. Zimene ndinanena, Azakhali, musandifunse. Palibe anandikakamiza, ndi pakamwa panga pomwepa.

Onse awiri ndi anthu omvera. Msuweni amanditsuka bala mosamala, sindingamunenere choipa. Koma dzulo ndinawamva akuseka kukhitchini, nditalowa onse anangoti zii. Mwana wanga wamng'ono uja wayamba kufunsa iyeyo komwe kuli yunifolomu yake, ine ndili pomwepo.

Chonde muitanitseni mwana wanuyo. Munene kuti miyendo yanu yayambanso kuvuta. Ine sindingamuuze kuti azipita, poti ndine ndinamulumbiritsa kuti asadzachoke.

Ndine mwana wanu,
uja sanafe.